Musadumphe Mawu, a Levison

Usisya, Nyasalande
14 Ogasiti 1952

Wokondedwa mlongo wanga Killion,

We uli? Ndayamba ndi timawu tiwiri ta Chitonga kuti udziwe kuti ndine ndithu Dainess, mkulu wako. Ndikhulupirira kalatayi ikupeza ukupuma, ngakhale wanena kuti maso achita chifunga ndipo miyendo ikutupa. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija limene limayamba kulongolola mwera ukangouka. Alamu ako a Mizeck ali bwino, akadali ndi bwato lawo. Ana onse ali moyo, ndipo Rebecca amene unamusiya ali kumsana kwanga tsopano naye ali ndi wake kumsana.

Kalata yako ya mwezi wa Juni inafika. Nditangoona envulopu ndinadziwa kuti si dzanja lako, ndipo nditatsegula ndinapeza Chinyanja chokhachokha. Wati amene akukulembera ndi kukuwerengera makalata ndi a Levison a ku Dedza, ogona nawo chipinda chimodzi, ndipo Chitonga sachimva. Nchifukwa chake nanenso ndayankha m'Chinyanja changa cha kusukulu, kuti wowerenga asapunthwe.

A Levison, moni kwa inu, ndipo zikomo posunga mlongo wanga kudziko la eni. Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha: musadumphe mawu ngakhale amodzi. Mukaona nkhope yake yagwa, imani amwe madzi, kenaka pitirizani pomwe munalekera. Ndikudziwa mmene amachitira anthu owerengera anzawo makalata, chifukwa ntchito imeneyo ndinaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Tsono Killion, wapempha kuti ndiwawerengere ama, mayi athu NyaKamanga, kalata yako. Wati bwana wako wakuchotsa ntchito chifukwa unathira vinyo pambali pa tambula, pansalu yoyera, alendo akuona. Wati ukufuna kubwera kumudzi, ama akulandire, ndipo m'mimba mwako simukulolanso chakudya china, mukungolira kondowole. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yankho ndikupatsa, koma lili kumapeto, ndipo ulipeza utayenda njira yonse imene ndinayenda ine.

Unachoka kuno mu 1931 utavala jekete la malemu ada, bambo athu, ukunena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ubwerako mvula ikagwa kawiri. Yagwa kokwana makumi awiri ndi kamodzi. Makalata ako onse ndili nawo, makumi anayi kudza awiri, m'chitini chija unatumiziramo mphesa zouma.

Mphesa zimenezo, poti mwina sunamve, ama ankadya imodzi Lamlungu lililonse akabwera kutchalitchi, ndipo zinatha chaka chathunthu. Njere zake anazibzala pafupi ndi bafa nkumathirira m'mawa uliwonse. Sipanamere kanthu.

Kulemba unkadziwa, pamenepo sindikunamizira, ngakhale kusukulu amene ankakhoza ndinali ine, ndipo anandisiyitsa kuti upitirize iwe mwamuna. Kalata ikafika ama ankayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, akazi a m'mudzi nkusiya mitondo yawo kubwera kudzamva za ku Kepi. Ya minda ya mphesa ija ndinaiwerenga kasanu. Unati mizere yake ndi yowongoka, kutalika ngati kuchokera pano kukafika ku Ruarwe, zipatso zili lendelende ngati mawere a mbuzi, ndipo ukaluma imodzi madzi ake amaphulikira m'kamwa ozizira bwino. NyaManda, mmodzi wa akaziwo, anameza malovu mpaka tonse tinamva.

Unatiuza za phiri lathyathyathya pamwamba, limene mtambo umaliyalira nsalu ngati tebulo la azungu, ndi za kabokosi kolenjekeka pachingwe kamene unakwera utanyamula dengu la chakudya cha bwana, nyumba zonse pansi zikuoneka ngati usipa pathandala. Unatiuza za nkhanu za m'nyanja ya mchere zotalika ngati mkono, za nyama ya nkhosa yophika ndi zipatso, za tchizi chonunkha chimene azungu amachigula dala chitachita nkhungu.

Ndiye vinyo! Wofiira wodyera nyama, woyera wodyera nsomba, wina wotsekemera wotsukira m'kamwa. Unati munthu wodziwa amayamba wamununkhiza, nkumuzunguza m'tambula, nkumusunga palilime asanameze. Ama anafunsa ngati vinyoyo ali mankhwala a chifuwa.

Za vinyo ameneyu anatimasulira ndi a Jonas Thole, amene unkagwira nawo ntchito yoperekera zakudya kuhotela ija bwana asanakutenge. Anabwerera kumudzi chaka chatha. Akuti munthu wakuda kumeneko saloledwa kugula vinyo wa azungu, ndipo amene unkamusunga palilimeyo anali wotsala m'matambula a alendo, unkakhuthulira m'kapu imodzi kuseri kwa chitseko cha khitchini. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Zaka zonsezi mudzi wathunthu kumeza malovu chifukwa cha makombo!

Koma m'makalata onsewo, Killion, munalibe funso lakuti kodi denga la ama likudontha, kapena akudya ndiwo zanji. Moni wawo unkabwera kumapeto, wothinana pakona pa pepala malo atatha. Nthawi zina sunkabwera nkomwe.

Apa ndi pamene ndinayambira kuchimwa. Ndikamawerenga, ama ankandiyang'ana pakamwa kudikira dzina lawo, ndipo ine sindinkatha kupinda pepala asanalimve. Ndinayamba kuikamo zanga. Ndinkati Killion akuti ama musamasenze nkhuni zolemera. Killion akuti anakulotani mukuimba. Iwo ankagwedeza mutu nkunena kuti mwana ameneyu mtima wake ndi wa ada ake. Mwana wabwino amene ama ankamunyadira m'mudzi muno ndinamuumba ndine ndi pakamwa panga, iwe unkangotumiza pepala.

Kalata ya mu 1939 ukuikumbuka? Ngati waiwala ndikukumbutse, ili pamwendo panga pano. Unati tsiku lina unatsegula kabati ya nsapato za bwana, fungo lake nkukukumbutsa kondowole wa kwanu. Unati sudziwa kuti unakula bwanji ukumeza ulimbo wotere, ndipo pakamwa pamene palawa buledi woyera wopaka batala sipadzabwereranso ku chakudya chomata zala.

Pamphasa paja panali akazi asanu ndi mmodzi, ama ali pakati, manja ali mbuu ndi ufa. Ndinameza mawu ako onse. Ndinati Killion akuti zakudya za ku Kepi nzabwino ndithu, koma palibe chimene chingafike pa kondowole wa ama.

Tsiku limenelo ama anavina. M'mawa mwake analima kamunda kuseri kwa nyumba, nkubzalamo chinangwa chowawa chija chimene chimatulutsa ufa woyera, nkukatcha munda wa Killion. Chikakhwima ankazula nkubzalanso, kuti tsiku limene udzafike udzapeze chanthete. Mdzukulu akazulamo ankalawa bango.

Kenaka inabwera ya mu Meyi 1948. Imeneyi sindinaikemo kanthu, mawu ake ndi ako, ndipo ndawayang'ana kambirimbiri kuti mwina ndinawerenga molakwa. Unati bwana wakupatsa tchuthi, ufika ndi sitima ya pamadzi ya kumapeto kwa Juni, tikonzeke.

Ukudziwa, kapena unkadziwa kale, kuti kondowole sachita kudzukira. Uzule chinangwa, usende, uviike m'madzi masiku anayi, nthawi yozizira asanu kapena kuposa, uvuule, usinje, uyanike, usinjenso. Ama anawerenga masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku la sitima. Ndinawauza kuti ufa wanga ulipo wodzaza dengu, koma anakana. Anati mwana wolakalaka wa amake sangafikire pa wa mlongo wake. Anakaviika okha padziwe lawo lija lotchinga ndi miyala, kumunsi kwa mkuyu.

Tsiku lachitatu mwera unauka. Mafunde anagumula mpanda wa miyala uja, chinangwa chonse nkumwazikira m'nyanja. Ine ndinali kumunda wa kumtunda. A Mizeck popita kukaona bwato m'mawa anapeza ama ali m'madzi ofika m'chifuwa, nkhalamba yoti mano anatha kale, akutola chinangwa chimodzichimodzi nkumaika m'nsalu, milomo ili bii ndi kuzizira. Atawakokera kumtunda ama anakalipa. Anati awasiye, chatsala chochepa, nanga mwana adzadya chiyani.

Chimene anapulumutsacho anasinja okha, anayanika okha, akutsokomola. Ndinawalanda munsi kawiri, kawiri konse anaulandanso.

Sitima inafika tsiku lake. Ama anali atayamba kale kutentha thupi ndi kumva kubaya m'nthiti, koma anati tiwatengere kugombe. Tinawakhazika pamchenga atafunda bulangete, atavala duku lawo la kutchalitchi. Boti la sitima linatsitsa matumba a mchere, mphunzitsi watsopano ndi mkazi wake, ndi mbuzi imodzi. Ama anayang'ana mpaka utsi unazimirira kuseri kwa phiri, nkunena kuti mwina mwanayo wagona tulo wapitirira, atsika sitima ikamabwerera.

A Levison, apa musathamange.

Killion, ama anamwalira pa 9 Julaye 1948, Lachisanu, dzuwa lili pamutu. Chinawatenga ndi chibayo. Mawu awo omaliza kwa ine anali akuti ufa wa Killion uli mumtsuko, ndiuvundikire bwino mungalowe anankafumbwe. Papita zaka zinayi tsopano. Amene wakhala ukuwapatsa moni pakona pa pepala, amene ukuti akulandire, ali kumanda.

Patatha milungu itatu, tsitsi limene tinameta pamaliro lisanamere, kalata yako inafika, yonenepa kuposa zonse. Unati ulendo wa kumudzi walephereka chifukwa bwana anakutenga kupita ku Delagoa, kwa Apwitikizi, ndipo mwayi wotere subwera kawiri. Masamba anayi! Misewu yoyala timiyala takuda ndi toyera ngati mkeka woluka. Nkhuku yootcha ya piripiri yoti munthu misozi ili chuchuchu koma osaleka kudya. Tinkhanu tofiira tokazinga ndi adyo. Vinyo amene amamutcha wobiriwira chonsecho sali wobiriwira, amene kumeneko unamwa poyera, utakhala pampando, mphepo ya kunyanja ikukupepesa. Unamaliza ndi kunena kuti ama asadandaule, ubwera chaka chamawa, kumudzi sikuthawa.

Ndinaiwerenga ndili chiimire pakhomo pa nyumba yopanda mwini wake. Ndinakwiya, Killion, mkwiyo woti mpaka lero sunazizire. Pomwepo ndinalumbira kuti za maliro amenewa sudzazimva.

Ndinkadziwa chimene ukanachita. Ukanalira Lamlungu limodzi, anzako a ku Nyasalande akanasonkhana kudzakupepesa ndi nyimbo. Ukanatumiza nsalu yakuda ndi matumba a simenti, pamanda nkumangidwa chiliza chachitali cholembedwa kuti wamanga ndi mwana wawo Killion wa ku Kepi. Umu ndi mmene matchona onse amasambira m'manja kuno, ndipo odutsa akanati NyaKamanga anabala mwana. Ndinati ayi, ameneyu ulemu wa simenti saupeza. Manda a ama ndinawazinga ndekha ndi miyala ya padziwe lomwe lija, ndinaisenza pamutu umodziumodzi.

Ndiye ndinapitiriza kukuyankha monga kale. Ama akupereka moni. Ama akondwa kumva za nkhuku ya piripiri. Kale ndinkanamiza ama za iwe, tsopano ndinayamba kunamiza iwe za ama. Iwenso m'zaka zinayi zonsezi sunafunsepo kuti bwanji ama sakunenanso za tsiku lobwera.

Ndinkafuna udzatsike m'sitima ndi suti yako ndi chipewa, botolo la vinyo lili m'manja, ukuitana kuti ama, ama, ndafika. Ine ndikanakulandira sutikesi, nkukutsogolera kudutsa pa mango, kudutsa pamunda wako, mpaka pamiyala paja. Tsiku limenelo ndinkaliona ndikamalima, ndikamasinja, ngakhale ndikamaimba m'tchalitchi. Ndilo linkandipatsa mphamvu zodzukira.

A Timothy, mkulu wa mpingo, anabwera kawiri kudzandiuza kuti kubisa maliro ndi tchimo, ndipo ndikapanda kulemba alemba okha. Ndinati alembe, koma keyala yako ndili nayo ndekha. A Jonas atabwera nawonso anafunsidwa za keyalayo, koma anati za pabanja la eni salowerera. Nkhani inali itapita kale kubwalo la mpingo chaka cha maliro chomwecho, ndipo anandiimitsa kudya Mgonero mpaka tsiku limene ndidzakuuze zoona.

Ndiye taona mmene zinthu zimagawidwira pansi pano. Iwe vinyo wofiira, woyera ndi wobiriwira, ine zaka zinayi osalawa ngakhale kadontho ka pa Gome la Ambuye. Ndinkakhala kumbuyo anzanga akulandira, NyaManda akundiyang'ana cham'mbali, koma sindinagonje.

Wandilanda tsiku langalo ndiwe. Munthu wosaona ndingamuonetse manda bwanji? Nditawerenga kuti maso afa ndinakhala pansi nkulira, ndipo usadzinamize kuti ndinkalirira iwe. Ndinkalirira zaka zanga zinayi.

Pali china chimene sindinauzepo munthu, ngakhale a Mizeck amene ndimagona nawo nyumba imodzi. Ndikanawerenga kalata ya nsapato ija monga unailembera, ama akanalira tsiku limodzi, akanakutukwana, mwina akanataya chitini chija m'nyanja, koma m'madzi muja sakanalowamo. Analowera mawu anga. Iwe unawanamiza za sitima, ine ndinawanamiza za kondowole, tinawapha tonse awiri.

Kusiyana kwake nkwakuti ine ndinawasambitsa, ndinawaika m'manda, ndipo padziwe paja ndimadutsapo tsiku lililonse popita kotunga madzi. Iwe unali kununkhiza matambula. Katundu ameneyu ndamusenza ndekha mokwanira, mbali yako ikukudikira.

Tsono yankho ndi ili. Bwera. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Sindingalole mwana wa NyaKamanga afere m'chipinda cha eni nkuikidwa ndi anthu osadziwa dzina la agogo ake. A Levison akukweze sitima ya pamtunda, panjira uzipempha Anyasa anzako akugwire dzanja posintha masitima, ndipo pa Chipoka ukwere ya pamadzi. Ukafika pa Usisya a Mizeck adzakubereka kuchoka m'boti kuti usanyowe. Nyumba ya ama ndaifolera chaka chino. Munda wa Killion nawo ulipo, sindinausiye, ndipo usandifunse chifukwa chake poti nanenso sindichidziwa.

Kondowole udzadya, wa m'munda mwako, ndidzaviika ndekha padziwe lomwelo. Usipa ulipo, chigwada chilipo. Sindidzakumana chakudya, sindidzakunyoza pa anthu, zovala ndidzakuchapira, kutchalitchi ndidzakutsogolera.

Koma tsiku lililonse masana, ukatha kusamba m'manja, mbale ili patsogolo pako pansi pa mango pamene ankakhala ama, ndidzatsegula chitini chija nkukuwerengera kalata imodzi. Ndidzawerenga yonse monga unailembera, osaonjezera, osachotsa. Mphesa, phiri, tchizi, Delagoa, zonse udzazimva ukumeza chakudya chomata zala. Makalata akatha onse makumi anayi kudza awiri tidzayambiranso. Maso afa, koma a Levison sanalembe kuti makutu nawo afa. Tidzayamba ndi ya nsapato.

Ukaona kuti zimenezi sungazithe, khala komweko, sindidzakulemberanso. Ukabwera, vinyo usatenge, kuno kulibe womununkhiza. Utenge bulangete lochindikala, mwera wa kuno sunasinthe.

Ndikangopereka kalatayi kwa kalaliki wa sitima ndipita kwa a Timothy kukawauza kuti ndalemba, ndipo Mgonero ukubwerawu ndidzalandira. Ngati ndayenera kapena ayi, adzaweruza ndi Mulungu. Iye akusunge panjira yonse, akufikitse wamoyo, chifukwa ndikukufuna wamoyo.

Undiperekere moni kwa a Levison ndi a kubanja kwawo ku Dedza, ndi kwa Atonga onse amene uwapeze kumeneko. A Mizeck akupereka moni. Rebecca ndi mwana wake akupereka moni, a Jonas nawonso. Moni wa ama m'kalata muno mulibe, ndipo simudzakhalanso.

Ndine mlongo wako,
Dainess NyaMhone